Funsani Azakhali: Adokotala anga anachoka osanditsanzika

Mwezi uno makalata omwe afika pa WhatsApp ya tsamba lino angofanana ngati munachita kupangana, onse nkhani yake ndi ya adokotala amene simukuonana nawonso. Wina anasamutsidwa, wina ntchito inatha, wina munayambana naye. Ndasankhapo anayi ndipo maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse. Loyambali ndichedwapo pang'ono chifukwa landikhudza kwambiri.

FUNSO: Azakhali, ine ndine mayi wa zaka 43, ndimakhala cha ku Domwe kuno ku Angonia. Ndakhala ndikumwa ma ARV kuyambira 2015 ndipo zaka zonsezi amandiona ndi munthu mmodzi yemweyo, a tekiniko a pachipatala chathu chaching'ono, ife timangoti adokotala. Ndi iwowo amene anandiuza zotsatira tsiku loyamba lija, ndinalira mpakana kukhala pansi iwo anangotseka chitseko nkundisiya ndilire osandithamangitsa olo panja panali bisha yaitali. Amuna anga atamwalira anabwera kumaliro. Amadziwa zanga zonse, zoti apongozi anga sadziwa kanthu, zoti mwana wanga wachiwiri nayenso amamwa. Nde mwezi wa Meyi ndapita pa tsiku langa ndapeza pampando paja pakhala mnyamata wachilendo, Chichewa samva bwinobwino, kungotambasula dzanja kuti kartau osandiyang'ana nkumaso komwe. Ndafunsa amayi osesa aja akuti aja anasamutsidwa anabwerera kwawo kummwera. Osatsanzika azakhali! Kuchokera tsikulo sindinapondekonso, mankhwala anga anatha masabata atatu apitawa. Usiku ndimalira ngati ndaferedwa kenako ndimachita manyazi kuti ndikulirira chani munthu woti si m'bale wanga. Kodi mutu wanga ukuyenda bwino?

YANKHO: Achemwali, mutu wanu uli bwinobwino ndipo manyaziwo atayeni. Munthu amene munamuuza zinthu zoti mayi anu okubalani simunawauze, amene anakuonani tsiku lomwe munali pansi penipeni nkukudzutsani, ameneyo akachoka mtima umalira basi, suyamba wafunsa kuti kodi ndi wa mtundu wathu. Zaka pafupifupi 10 si masewera. Ndipo chimene chikukuwawani kwambiri ndikuchidziwa, nchakuti chinsinsi chanu chinali ndi pokhala, pano mukuona ngati muyambirenso kuvula pamaso pa mlendo, kufotokoza za amuna anu, za mwana, za apongozi, zonse kuyambira pachiyambi.

Ine ndinagwirapo ntchito ya unamwino zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndinasamutsidwapo katatu, nde ndikuuzeni mmene zimakhalira mbali inayo. Ambiri amene amatumizidwa m'maboma athu ano kwawo ndi kutali, wina wa ku Beira, wina wa ku Inhambane, wina wa ku Maputo, mkazi ndi ana anawasiya komweko ndipo amakhala akupempha transiferensiya chaka ndi chaka. Pepalalo likatuluka limatuluka mwadzidzidzi, masiku ochepa uyenera kukhala utakaonekera kumalo kwatsopano, katundu pa galimoto, nyumba kubweza. Odwala ako ndi mazanamazana ndipo aliyense ali ndi tsiku lake, wina abwera mwezi wamawa wina pakatha miyezi itatu. Ulendo wanga wachiwiri ndinachoka chonchi, patapita chaka ndinakumana ndi gogo wina pamsika wa ku Ulongwe akugulitsa kachewere, anandigwira mkono nkunena kuti mwana wanga unandithawa. Mawu amenewo mpaka lero ndimawamva. Sindikuwaikira kumbuyo adokotala anuwo ayi, ine ndimaona kuti kuchoka osasiya mawu nkulakwa ndithu, olo kakalata kosiyira odwala ako akale, olo kumukhazika pansi wolowa mmalo mwako nkumuuza kuti mayi uyu umusamale chonchi. Koma musaganize kuti anachoka chifukwa munalibe ntchito kwa iwo. Wa ntchito ya boma ndi mlendo, ndipo akuluakulu anati mlendo ndi mame.

Tsopano ndikulankhuleni ngati mkulu wanu. Masabata atatu opanda mankhwala ndi ambiri achemwali. Kachilombo kaja sikanafe, ma ARV amangokapanikiza kuti kasaswane, mukasiya kamayamba kuchulukanso mmagazi pa masabata ochepa chabe inu mukuyenda bwinobwino osamva kanthu, chitetezo chikutsika mwakachetechete, ndipo kumwa nkumasiya ndi kumene kumaphunzitsa kachilombo kupima mankhwala. Mawa lomweli pitani. Musadikire kuti mtima uyambe wapola, mtima upola muli kumwa. Ndipo mwana wanu wachiwiriyo simunanene, ake alipo? Ngati mumamutengera ndinu nde kuti nayenso ali pangozi, mutengeni mupite limodzi.

Mwina mukuopa kuti akakukalipirani. Mwina wina akayankhula mokweza, sindingakulonjezeni kuti ayi, koma wobwerera kumankhwala sabwezedwa, amalandiridwa nkuyambiranso, ndipo ma ARV ndi aulere. Musakaname kuti ndimamwa, kanene zoona kuti ndinasiya tsiku lakuti, chifukwa zimenezo ndi zomwe zimawathandiza kudziwa nthawi yokuyezani karga virali, kuchuluka kwa kachilombo mmagazi. Komanso simukayambira pa ziro ngati mmene mukuganizira. Pa kartau yanu pali nambala ija amati NID, nambala imeneyo ikatulutsa fisha yanu ndipo mmenemo muli zonse zomwe adokotala akale analemba, mankhwala omwe munayambira, pomwe anakusinthirani kupita ku ma ARV aja amati TLD, zotsatira za magazi, sikelo yanu. Dzanja lawo likadali mmenemo. Za apongozi ndi zina za mumtima simukakamizidwa kuzikhuthula tsiku loyamba, muzikanena pang'onopang'ono mukaona kuti munthuyo ndi wosunga pakamwa, ndipo lamulo la ntchito yake limamumanga kusunga chinsinsi chimodzimodzi ngati anzake aja.

Za mnyamatayo, mumpatse mpata. Mwina wangotuluka kumene kusukulu, wafika dera lomwe chiyankhulo sakuchidziwa, kutsogolo kwake kuli anthu 60 onse akumuyang'ana ndi diso loti iwe si uja. Kusayang'ana nkumaso nthawi zina ndi mantha, osati mwano. Ngati Chipwitikizi chimakuvutani pemphani namwino kapena akitivisita amene inuyo mumamukhulupirira kuti akumasulireni, musalole kuti angoitana aliyense wa pa bisha. Aja munawazolowera aja nawonso tsiku lina anali achilendo kwa inu.

Chomaliza, funsani za GAAC, magulu a mmudzi a anthu omwa ma ARV. Ambiri sadziwa kuti magulu amenewa anabadwira konkuno ku Tete mu 2008, odwala eni ake pamodzi ndi a bungwe la madokotala la MSF ndi a zaumoyo m'chigawo chino ndi amene anayambitsa, kenako unduna wa zaumoyo unawafalitsa dziko lonse ndipo maiko ena anatengera. Anthu osapitirira 6 a mudzi umodzi, mumasinthana kukatengerana mankhwala, mumawerengerana mapilitsi, wina akafooka anzake amamudzutsa. Anzanu a gulu sasamutsidwa ndi pepala la boma, munda wawo uli pomwepo pafupi ndi wanu. Ndikudziwa nkhani ya apongozi ikukupangitsani mantha, koma a mgululo nawonso ali ndi chinsinsi chonga chanu chomwecho. Mundilembere mukabwerako, ndikhala ndikudikira.

FUNSO: Azakhali ine ndi bambo wa zaka 56 wa ku Moatize. Ndimagwira ntchito ku kampani ina ya kumigodi ya malasha ndipo tinali ndi kiliniki yathu, dokotala wake amandiona za tensau ndi shuga kwa zaka 7, amachita kundiimbira foni ndikachedwa kukayezetsa. Kontarato itatha basi khadi lija linasiya kugwira ntchito, pageti sandilolanso. Ndinayesa kupita kuchipatala cha boma, ndinafika 6 koloko mmawa kuonedwa 11 koloko, dokotala mphindi zitatu zokha wandilembera mankhwala ena osiyana ndi aja ndinazolowera. Sindikuwakhulupirira mankhwalawo nde ndimangogula akale aja ku farimasiya ndikapeza ndalama, ndikasowa ndimakhala. Ndimamva kuwawa mtima kuti munthu amene ndimamuyesa mnzanga sanandifunefune. Nditani?

YANKHO: Bambo, inu mwataya zinthu ziwiri nthawi imodzi, ntchito ndi dokotala, nde mkwiyo wa zonse ziwiri wagwera pa munthu mmodzi. Dokotala wa kiliniki ya kampani amaona okhawo omwe ali pa mndandanda wa kampani, dzina likachotsedwa manja ake amamangika. Chisamaliro chomwe ankakupatsani chinali chenicheni, kungoti chitseko chinali cha eni ake.

Koma kumwa mukapeza ndalama nkumakhala mukasowa, kumeneko nde ndakana. Tensau siipweteka, munthu umadzuka bwinobwino kupita kumsika kenako sitiroko, mkono ndi mwendo zafa, pakamwa papotoka. Shuga naye amadya mwakachetechete maso, impso ndi mapazi. Matenda awiriwa amafuna mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndipo otchipa omwe mungamwe osadumphitsa aposa odula omwe mukumwa masiku 10 pa mwezi.

Chitani izi. Lembani kalata kapena tumani mnzanu amene akadali pantchito kuti kiliniki ija ikupatseni relatoriyo, pepala lofotokoza matenda anu, mankhwala ndi milingo yake komanso zotsatira zomaliza za magazi. Mbiri ya thupi lanu ndi yanu, kupempha si kupemphetsa. Kenako tengani mabokosi akale aja mupite nawo kuchipatala cha boma muwaike patebulo. Nthawi zambiri mankhwala amakhala omwewo, chosiyana ndi dzina la kampani lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, dzina lenileni limakhala mmunsi mwa tizilembo tating'ono, monga metformina wa shuga, amlodipina, enalapril kapena hidroclorotiazida wa tensau. Mukapeza kuti ndi osiyanadi funsani kuti mwandisinthira chifukwa chani, funso limenelo ndi lololedwa. Choopsa nkuphatikiza akale ndi atsopano osauza munthu, tensau kapena shuga akhoza kutsika mopitirira mpaka kukomoka.

Mphindi zitatu zija nzochepa, ndikuvomereza, nde muzilowa mutakonzeka. Gulani kakope ka ana asukulu, muzilembamo deti, tensau yomwe akuyezani, shuga, mankhwala, ndi mafunso awiri omwe mukufuna kufunsa tsikulo. Aliyense amene mungamupeze pampandopo, kaya wa lero kaya wina mawa, akatsegula kopelo aona zaka zanu zonse pa tsamba limodzi. Ndipo funsani tsiku la konsuta ya matenda okhalitsa, zipatala zambiri zimakhala ndi tsiku lake lapadera ndipo kumeneko nkosavuta kumaonana ndi nkhope imodzimodzi.

FUNSO: Azakhali, anamwino omwe anandithandiza mimba zanga zonse zitatu ntchito yawo inatha chaka chomwe thandizo la ku America linaimitsidwa chija, amalipidwa ndi bungwe. Anandipatsa nambala yawo kalekale. Ndimawatumizira mauthenga mwana akadwala, poyamba amayankha koma pano amangowerenga osayankha. Ndawalakwira chani? Ndine wa ku Furancungo.

YANKHO: Mwana wanga, sindikuona kuti wawalakwira. Kuyambira Januwale 2025 boma la America litaimitsa ndalama za thandizo, anthu ambiri a zaumoyo omwe amalipidwa kudzera m'mabungwe, ma akitivisita, alangizi, anamwino ena, anangouzidwa kuti khalani kunyumba. Munthu ameneyo pano mwina akusaka pogwira kuti ana ake adye, ndipo foni yake mwina muli amayi 50 onga iwe. Komanso namwino wanzeru amaopa kulembera mankhwala mwana amene sakumuona, kutentha thupi pa WhatsApp sungadziwe ngati ndi malungo kapena chibayo, pamafunika kuyeza magazi ndi kumvetsera chifuwa. Mwana akatentha thupi thamanga naye kuchipatala kapena kwa APE, wa zaumoyo wa mmudzi mwanu, tsiku lomwelo, usadikire foni iyankhe. Anamwinowo uwatumizire uthenga umodzi wopanda pempho lililonse, wongowathokoza ndi kuwauza kuti ana aja akukula. Olo asayankhe, iweyo ukhala utatsanzika, ndipo ndikudziwa kuti uthenga wotere kwa munthu amene ntchito yamuthera umakhala ngati madzi ozizira.

FUNSO: Ine ndi mayi wa ku Tsangano kufupi ndi malire. Mwana wanga wa zaka 9 amagwa khunyu ndipo takhala tikuonedwa ndi dokotala mmodzi kwa zaka zitatu. Ulendo wina ndinachedwa ndi masabata awiri chifukwa mvula inaononga msewu komanso ndinalibe ya shapa, nde anandikalipira pamaso pa anthu kuti ndine mayi wosasamala, ndikufuna kupha mwana. Ndinayankha mokwiya nanenso, iwo anaponya kartau patebulo nkunena kuti ndizipita kwina. Pano ndimaoloka kupita ku Malawi kukatenga mankhwala koma kumeneko anandipatsa a mtundu wina, ndipo akale otsala ndimamupatsabe akagwa. Mwana amafunsa za adokotala ake aja chifukwa amamukonda, ankamupatsa masiwiti. Ndibwerere kukapepesa kapena ndisiye?

YANKHO: Amayi, ndiyambe ndi mwanayo kenako tibwere kwa akuluakulu awirinu. Mankhwala a khunyu, kaya fenobarbital kaya carbamazepina, samwedwa pa nthawi yomwe mwana wagwa ayi, amamwedwa tsiku lililonse pa ola lomwelo kuti asagwe, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kapena kusinthasintha kukhoza kubweretsa kugwa kotsatizana kosalekeza komwe kumaika moyo pachiswe. Kusakaniza a mbali ino ndi a mbali iyo popanda dokotala amene akudziwa zonse ziwiri, chonde lekani lero. Ndipo akagwa musamuike mankhwala, madzi kapena supuni mkamwa, mugonekeni chammbali, muchotseni pafupi ndi moto, kukapitirira mphindi 5 thamangani naye kuchipatala.

Kuoloka malire sindikukudzudzulani, tonse a ku Tsangano, ku Calómuè ndi ku Zóbuè timadziwa kuti nthawi zina chipatala cha ku Ntcheu, ku Dedza kapena ku Mwanza ndi chomwe chili pafupi, chiyankhulo ndi chimodzi, achibale ali mbali zonse. Vuto ndi lakuti buku la kuchipatala la ku Malawi ndi kartau ya kuno sizionana, aliyense akulemba zake osadziwa za mnzake. Sankhani malo amodzi omwe mungathe kufikako mwezi ndi mwezi olo nthawi ya dzinja, ndipo kumeneko mukaonetse mapepala onse awiri ndi mabotolo onse awiri.

Tsopano za kukalipiridwa. Zomwe anakuchitani sizoona. Mayi amene wayenda ndi mwana wa khunyu zaka zitatu osatopa sangatchedwe wosasamala, ndipo olo mukanalakwa, pagulu si podzudzulira munthu. Dziko lathu lili ndi chikalata cha ufulu ndi udindo wa odwala, Carta dos Direitos e Deveres do Doente, chomwe boma linavomereza mu 2007, ndipo mmenemo muli ufulu wolemekezedwa, wosungiridwa chinsinsi komanso wodandaula. Wa chipatala cha boma sangathamangitse mwana wodwala chifukwa wayambana ndi mayi ake. Mukhoza kukaonana ndi mkulu wa chipatalacho, kapena ku Gabinete do Utente, ofesi yomva madandaulo a odwala, komwe ilipo, kapena kudzera kwa a komiti ya zaumoyo ya mmudzi mwanu, nkupempha kuti mwana azionedwa ndi munthu wina. Ngati mwasankha kusamukira chipatala china cha mbali ino pemphani giya ya transiferensiya kuti mbiri ya mwana ipite nanu.

Koma mwandifunsa ngati mubwerere, ndipo ine maganizo anga ndi akuti yesani kamodzi. Ndikutero chifukwa cha zaka zitatu zija ndi masiwiti aja. Ndaonapo anzanga akukalipa chonchi chifukwa cha mantha, amuwerengera mwana masiku nkuona kuti mankhwala anatha kalekale, mtima uli mmwamba kuti mwina wagwera pamoto kapena mumtsinje, nde mayi akangotulukira mantha aja amatuluka ngati ukali. Sizikuchotsa kulakwa kwawo, koma munthu amene alibe nawe ntchito sakwiya ukachedwa. Musapite nokha, tengani amalume ake a mwana kapena mayi wina wachikulire wa komiti, mupite masana bisha itatha. Simukupita kukagwada ayi, mukanene kuti mawu aja anandipweteka, ndinachedwa chifukwa cha msewu ndi ndalama ya shapa, tipange bwanji kuti dzinja likubwerali mwana asadzasowenso mankhwala. Mufunse ngati nkotheka kumakupatsani ochulukirapo miyezi ya mvula, kapena kuti wachibale wa pafupi azikutengerani. Akakulandirani bwino pitirizani nawo. Akakuponyeraninso kartau, itoleni mupite kwa mkulu wa chipatala tsiku lomwelo musanabwerere kunyumba, ndipo mwanayo mumuuze zoona mwa msinkhu wake, kuti adokotala aja sitidzawaonanso koma iyeyo sanalakwe chilichonse.